Fani, air cooler kapena aircon: ndalama ya kutentha kwa Okutobala ipite pati?

Mango akangoyamba kuonetsa tizipatso, funso m'magulu a WhatsApp a ku Chipata, ku Mambwe mpaka ku Nyimba limakhala limodzimodzi: tigule chiyani kuti tizigona? Ena akufunsira makolo okalamba amene ali kuchigwa cha Luangwa, kumene masana a Okutobala amadutsa madigiri 40. Ena ali ndi khanda m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Mchini kapena ku Navutika. Ndiyankhe pano kamodzi. Za rimoti, timagetsi tothwanima ndi mtundu wa pulasitiki sindinenapo, zimenezo wogulitsa adzakuuzani musanamufunse.

Ndiyambe ndi chimene chimandikwiyitsa, air cooler, chibokosi cha mateyala chija chimene ogulitsa ambiri amachitcha aircon yotchipa. Si aircon, sichinayandikireko n'komwe. M'kati mwake muli thanki ya madzi, kapampu, zisa za pepala lolimba zooneka ngati za njuchi, ndi fani. Pampu imanyowetsa zisazo, fani imakoka mpweya kudutsa pamenepo, ndipo madzi akamauma amachoka ndi kutentha. Ndi nzeru ya mtsuko wa agogo umene umachita thukuta kunja n'kumaziziritsa madzi m'kati. Nzeruyo ilibe vuto, koma ili ndi malire amene pasitolo satchulidwa.

Makinawa kwawo ndi kuchipululu. Ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, ndi ku Rajasthan ku India, anthu akhala nawo zaka zambiri chifukwa mpweya wakumeneko ndi wouma gwa. Taonani mmene amawaikira: padenga kapena pawindo, kuti azikoka mpweya wa panja, kwinaku windo la mbali ina lili lotsegula pang'ono kuti mpweya wonyowa uzituluka. Eni akewo amadziwanso kuti mvula yawo ya Julaye ndi Ogasiti ikayandikira, makinawo mphamvu zimatha.

Manambala ake ali motere. Kunja kukakhala madigiri 38 ndipo chinyezi cha mumpweya chili pa 20 peresenti, madzi sangatsitse mpweya kupitirira pa madigiri 21, ndipo cooler yabwino imatulutsa mphepo ya madigiri 26 kapena chapomwepo. Imeneyo ndi mphepo yoti munthu n'kuyamika. Koma kukakhala madigiri 35 chinyezi chili pa 60 peresenti, monga masiku aja a Novembala pamene mitambo imangozungulira mvula osagwa, malire amakwera kufika pa 28, ndipo makina omwewo amatulutsa mphepo ya madigiri 30 kapena 31, yonyowanso. Thukuta lanu, limene ndi chida chenicheni choziziritsa thupi, limaleka kuuma. Ndiye kuti masabata amene kutentha kumafooketsa kwambiri kuno kum'mawa, ndi omwewo amene cooler imakutayani.

Cholakwa chimene pafupifupi aliyense amachita n'chotseka zitseko ndi mawindo, poganiza kuti kuzizira kungathawe. Ndi aircon zimenezo n'zoona. Ndi cooler n'kudzipha nokha. Mpweya womwewo umazungulira, ulendo uliwonse ukusenza madzi ena, ndipo pakatha ola limodzi kapena awiri chipinda chimakhala ngati bafa mmene wina wangosambamo madzi otentha. Zofunda zimamata, makoma amayamba nkhungu, wa mphumu amayamba kutsokomola.

Kenako pali nkhani ya madzi, ndipo apa m'pamene pabisala mtengo weniweni. Lita imodzi ya madzi ikauma imachotsa kutentha kokwana pafupifupi mayunitsi 0.7 a malaiti. Aircon wamba ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa) imachotsa mayunitsi 3.5 pa ola. Kuti cooler ifike pamenepo iyenera kumwa malita 5 pa ola, kutanthauza zigubu ziwiri za malita 20 usiku umodzi, m'mwezi umene zitsime zatsika ndipo pampopi pali mzere. Walira mvula walira matope. Tsono wogulitsa akakunyadirani kuti kathanki ka malita 8 kamafika m'mawa osathiranso, dziwani kuti akukuuzani mosazindikira kuti kamakinako kamaumitsa lita imodzi yokha pa ola, ndipo kuzizira kwake kumathera pa munthu amene wakhala patsogolo pake.

Timabotolo ta buluu toika mufiriji timene amapereka ngati basera ndi tokometsera malonda chabe. Munthu wongokhala phee amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100. Kilogalamu yathunthu ya ayisi ikasungunuka imachotsa kutentha kumene munthu mmodziyo amatulutsa pa ola limodzi, basi. Ndipo ngati firiji imene yaumitsa ayisiyo ili m'nyumba momwemo, yatulutsa kumbuyo kwake kutentha kopitirira kumene ayisiyo achotse.

Zotsalazo n'zing'onozing'ono koma zimadya ndalama. Madzi a pa borehole okhala ndi mchere amasiya zoyera pa zisa, zisazo n'kuuma ngati khungwa, ndipo za saizi yanu nthawi zambiri sizipezeka kumene munagula makinawo. Thanki ikauma pampu ikuyenda, pampuyo imapsa. Madzi ogona m'thanki amanunkha, ndipo pa kutentha kotere udzudzu umafuna sabata imodzi ndi masiku pang'ono kuti uchoke pa dzira kufika pouluka. Amene munagula kale musataye: iikeni pawindo kumbuyo kwake kuli panja, tsegulani windo kapena chitseko cha mbali ina, khuthulani thanki masiku awiri kapena atatu alionse, ndipo chinyezi chikakwera zimitsani pampu, muisiye igwire ntchito ngati fani.

Fani ine ndimaikonda, ndipo sindibisa. Yoima pansi imadya mawati 40 mpaka 60. Maola 8 usiku uliwonse ndi mayunitsi 10 mpaka 14 pa mwezi. Koma fani siziziritsa mpweya, imangoumitsa thukuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti fani igwiritsidwe ntchito pamene kutentha sikunafike madigiri 40, chifukwa kupitirira apo mphepoyo imathira kutentha m'thupi m'malo mochotsa. Ku Chipata kuno, pamtunda, nyumba zambiri sizifika pamenepo. Ku Mfuwe, m'nyumba ya malata, masana zimatheka ndithu. Okalamba ndiwo ali pachiopsezo chachikulu chifukwa thukuta lawo limachepa, ndipo ludzu samalimva msanga. Kuwayatsira fani n'kuchokapo pa kutentha kotero kuli ngati kuwayanika.

Mankhwala ake ndi chitenje. Chiviikeni m'madzi, finyani kuti chisamadonthe, chiyaleni pamapewa, pamikono ndi pamiyendo, fani izipemerera. Chikauma viikaninso. Kumeneku n'kuchita zomwe cooler imachita, koma madzi akuuma pakhungu penipeni pamene akufunika, ndipo lita imodzi imakwanira nthawi yaitali. Khanda musalikulunge m'chitenje chonyowa kapena kuliphimba kumaso. Lipukuteni ndi kansalu konyowa, livale kamalaya kamodzi, ndipo liyamwe pafupipafupi. Losakwana miyezi 6 lisapatsidwe madzi, bere likwanira.

Funso limene limabwera pompo n'lakuti, nanga malaiti akapita? Tonse tikukumbuka 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti ankasowa maola oposa 17 pa tsiku. Chaka chimenecho mafani otchaja anagulidwa ngati zitumbuwa, ndipo ambiri a iwo lero ali pakona akusonkhanitsa fumbi. Vuto ndi batire. Otchipa ambiri ali ndi kabatire ka mtovu ka 6V 4.5Ah, kamene kakadzaza kamasunga mphamvu yoyendetsa fani ya mawati 10 maola osakwana atatu. Maola ambiri olembedwa pa katoni ndi a liwiro lotsikitsitsa, lija loti ngakhale ntchentche siisuntha. Kabatire kotere kamafuna maola ambiri kuti kadzaze, ndipo kakamaphwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, m'nyumba yotentha, kamafa m'miyezi yochepa. Pogula funsani kuti mbuyo mwa faniyo mumatseguka kapena ayi, ndiponso ngati batire la saizi yomweyo likupezeka ku Down Shops kapena ku Kapata. Yokhala ndi batire la lithium imadula koma imapirira.

Chimene ndingauze m'bale wanga kugula ndi fani ya 12V yolumikiza ku sola. Ya mawati 15 kwa maola 8 imadya 10Ah. Batire la mtovu siliyenera kuphwa kupitirira theka, choncho pezani la 20Ah kapena lokulirapo, panelo ya mawati 50, ndi kontirola yoteteza batire pakati pake. Osadutsitsa pa inveta, mungotaya mphamvu pachabe. Ubwino wake wina ndi wakuti dzuwa likamaswa mtengo, panelo ndi pamene ikugwira ntchito kwambiri.

Aircon imaziziritsa zenizeni, kaya kuli chinyezi kaya kulibe, ndipo pamenepo palibe mkangano. Kwa wodwala mtima kapena impso amene ali ndi malaiti odalirika, palibe chinanso pa mndandandawu chofanana nayo. Mtengo wa pa sitolo ndi chiyambi chabe. Pali mapaipi a kopa, zitsulo zogwira pakhoma, waya ndi breaker yake, ndi womangirira. Ya 12,000 BTU imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola ikamagwira mwamphamvu, choncho maola 8 usiku uliwonse angathe kupitirira mayunitsi 200 pa mwezi, ndipo poti mtengo wa yuniti umakwera mukamagula ambiri mwezi womwewo, mayunitsi omalizawo ndiwo odula. Iikeni pa madigiri 27 n'kuyatsanso fani. Thupi limamva ngati kwatsika madigiri 4 ena, mita n'kumayenda pang'onopang'ono.

Choopsa cha aircon n'kuidalira yokha. Mu 2023 mzinda wa Phoenix unakhala masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43 kapena kuposa, ndipo m'dera la Maricopa, mmene muli mzindawo, anthu 645 anamwalira ndi zokhudza kutentha chaka chimenecho. Mwa amene anafera m'nyumba, ambiri anali ndi aircon, koma inali yowonongeka kapena yosayatsidwa. Nyumba yomangidwa modalira makina, ya mawindo ang'onoang'ono ndi magalasi osatseguka, makinawo akaima imasanduka ng'anjo. Jenereta nayo isalowe m'nyumba kapena kuikidwa pafupi ndi windo, utsi wake umapha munthu ali mtulo.



Wopikisana amene sagulitsidwa m'sitolo ya zamagetsi ndi denga. Malata padzuwa la Okutobala amatentha moti dzanja silikhalapo, ndipo kutentha kumeneko kumatsikira pamutu panu ngati pa mbaula. Njerwa zimakumwa masana n'kumakulavula usiku, n'chifukwa chake 22 koloko m'nyumba mumakhala motentha kuposa pabwalo. Fani kapena cooler m'nyumba yotere ikulimbana ndi moto umene ukusonkhezeredwabe. Mzinda wa Ahmedabad ku India, umene unakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi kutentha mu 2013, unayamba kulimbikitsa anthu a m'makomboni kupaka madenga utoto woyera, chifukwa choyera chimabweza dzuwa. Nyumba ya mamita 6 kwa 8 ili ndi denga la masikweya mita pafupifupi 55, ndipo ndowa imodzi ya malita 20 ya penti woyera wa padenga imakwana kupaka kawiri. Tsukani malata kaye, palani dzimbiri, pakani m'mamawa malata asanatenthe, apo ayi pentiyo amauma asanagwire n'kuyamba kusupuka. Laimu ndi wotchipa koma mvula yoyamba imapita naye.

Siling'i, ngakhale ya mphasa kapena bango, imatchinga kutentha kochokera ku malata, bola pakhale timipata pamwamba pa khoma mbali zonse ziwiri kuti mpweya wotentha wa pakatipo uzituluka, ndipo timipatato tikhale ndi sefa. Windo loyang'ana kumadzulo litchingidwe kunja, osati m'kati. Ndipo amene ali ndi kanyumba ka udzu pakhomo asachite nako manyazi, agogo masana azikhala mmenemo. Ogona pabwalo apachike neti, malungo sapita patchuthi.

Ndalama ikakhala yochepa, ine ndingayambe ndi denga, kenako fani ya sola ndi zitenje ziwiri. Aircon ndi ya amene ali ndi wodwala komanso mphamvu yolipira mayunitsi, ndipo nayenso akhale ndi fani yodikira. Cooler ndingailole kwa wa kuchigwa amene ali ndi madzi pafupi, agule yaikulu, ndipo adziwiretu kuti wagula makina a Seputembala ndi Okutobala.

Chilichonse chimene mwasankha, madzi akumwa asachoke pafupi: kapu imodzi pa ola kukatentha, malita 2 mpaka 3 pa tsiku, ndipo wolima kapena woumba njerwa amafuna oposa pamenepo. Mkodzo ukada, madzi achepa. Wotuluka thukuta kwambiri amwe ORS, kapena lita imodzi ya madzi abwino yothira masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere. Mowa suwerengedwa. Amene amamwa mapiritsi a BP okodzetsa afunse kuchipatala za kamwedwe ka madzi, asasiye okha mankhwala.

Mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu zimafuna mthunzi, madzi ndi kupuma. Koma munthu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira ngati woledzera, kukomoka kapena kugwa khunyu thupi lili moto, musadikire kuti thukuta liume kaye, ena limakhala likutulukabe. Mugonekeni pamthunzi chammbali, masulani zovala, muthireni madzi ozizira thupi lonse osaumira, wina azikupiza ndi lichero kapena katoni pamene wina akufuna galimoto. Wosazindikira bwino musamumwetse kanthu, angatsamwe. Panado sathandiza pa kutentha kotere. M'galimoto mawindo akhale otsegula, chigubu cha madzi chikwere nawo, ndipo muzimunyowetsabe mpaka pakhomo la chipatala.