Reach RS2 ya Emlid: miyezi isanu ndi itatu ndikuyeza nayo minda

Ntchito yanga ndi yoyeza malo, makamaka minda ya kumudzi komwe mabikoni odalirika ali kutali. Kale, ndisanayambe kugwiritsa ntchito RS2, yomwe ndi risiva ya GPS yoyezera malo, ndinali ndi karisiva komva funde limodzi lokha la GPS lotchedwa L1. Ndikangopitirira makilomita 10 kuchokera pa base (risiva ina yoikidwa pamalo odziwika, yomwe imatumiza makorekishoni), ndinkaima padzuwa thukuta lili kamukamu, foni ikungolemba FLOAT, eni munda akundiyang'ana.

Amene sanagwirepo ntchitoyi amve kaye gwero la vutoli. Funde la L1 ndi lotalika masentimita pafupifupi 19. Risiva imayeza kachidutswa komaliza ka fundelo mpaka pa milimita, koma sidziwa kuti mafunde athunthu ndi angati kuchokera pa satelayiti ya GPS yomwe ili makilomita 20,200 kumwamba. Ikamangoyerekeza chiwerengerocho imalemba FLOAT. Ikachipeza chenicheni imalemba FIX, ndipo pamenepo ndi pomwe ndimakhoma chikhomo. Ikaphonya mafunde ochepa chabe, malire asuntha, abale ayambana.

RS2 imamvanso L2, funde la masentimita 24. Mafunde awiriwa akaphatikizidwa amapereka lina lalitali masentimita 86, losavuta kuwerenga, komanso amathandiza kuchotsa kuchedwa komwe ionosphere, gawo lakumwamba kwa mlengalenga, imabweretsa. Imatenganso GLONASS, Galileo ndi BeiDou, kotero masatelayiti sasowa. Kampani imalemba kuti RTK, njira yolandira makorekishoni a base nthawi yomweyo uli m'munda, imafika makilomita 60. Ine base ndimaiika ku Lilongwe n'kukagwira ntchito cha ku Mitundu, makilomita oposa 30, makorekishoni akubwera pa intaneti (NTRIP) kudzera pa SIM khadi, popeza wailesi yake ya LoRa imalekeza pa makilomita 8. M'mawa, pamalo oyera, FIX imabwera ndisanamalize kulonjerana ndi a nyakwawa. Batire imandifikitsa madzulo osadandaula, ndipo mvula ya mu Januwale inainyowetsa kangapo osaiwononga.

Dzuwa likapendeka zinthu zimasintha. Kuno ionosphere imavuta kwambiri chakumadzulo, makamaka dzuwa likafika pachimake pa nyengo yake ya zaka 11, monga zinalengezedwa mu 2024. Pa mtunda wautali mlengalenga wa pa base ndi wa pamene mwaima sufanana, FIX imabwera n'kuthawa.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri chinachitikira pansi pa mtengo wa mango, pangodya ya munda wa mayi wina wamasiye. Foni inalemba FIX, ine n'kukhoma. Mtima sunakhale m'malo. Ndinatuluka pamthunzi, ndinazimitsa risiva, n'kuyambanso, ndipo nditabwerera malowo anasiyana ndi chikhomo changa ndi chikhato chathunthu. Masamba anali atasokoneza mafunde, chiwerengero choyamba chinali cholakwika. Risiva iliyonse ikhoza kutero pamalo otere, ndipo ndikanathamangira kunyumba mayiwo akanataya dera lawo osadziwa. Kuyambira tsikulo ngodya iliyonse yofunika ndimaiyeza kawiri, maola osiyana.

Netiweki ya foni ikasowa ndimasunga data yonse n'kukaiwerengera pa kompyuta usiku ndi pulogalamu ya Emlid Studio kapena RTKLIB. Njira imeneyi ya PPK amati imafika makilomita 100, ndipo yandipulumutsa kangapo m'zigwa.

RS2 ndikuipatsa nyenyezi zisanu. Amene mukufuna kuigula, gulani ziwiri, base ndi rover (yoyenda nayo m'munda), ndipo ntchito zakutali muzizikonzera m'mawa.