Pampu ya thanki ya nyambo pa kayaki: ndi yabwino, koma mphamvu zachuluka

Ndinagula seti imeneyi kuti ndidzipangire thanki yosungiramo nyambo zamoyo, ija ena amaitcha livewell, yoika kumbuyo kwa mpando wa kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa. M'bokosi munali pampu ya mavolti 12 yolembedwa kuti 500 GPH, payipi ya mamilimita 19, timer (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa pampu pa nthawi yoikika), kasefa ndi zolumikizira ziwiri zapulasitiki zomangira pabowo la ndowa. Ndawedza nayo nyengo yonse yotentha, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pampu yeniyeniyo ndi yabwino, kungoti mphamvu zachuluka. Nyenyezi imodziyo yachoka chifukwa cha tinthu tina timene tinali m'bokosimo.

500 GPH ndi malita pafupifupi 1,900 pa ola. Opanga amayeza zimenezi pampu ikungotulutsa madzi osawakweza pena paliponse, choncho mukamangirira payipi n'kuwakwezera m'ndowa amachepa ndithu. Koma ngakhale atachepa ndi theka, ndowa ya malita 20 imadzaza mphindi ziwiri zisanakwane. Pa boti lalikulu zimenezi n'zabwino. M'ndowa ya pa kayaki ndi chigumula. Tinsomba tanyambo timangokhalira kulimbana ndi madzi, timatopa, mamba n'kuyamba kusupuka, ndipo pofika masana mumapeza kanyambo kamoyo inde, koma kolefuka, koti mukakakoleka pa mbedza kamangolendewera osagwedeza n'komwe mchira. Pamenepo ntchito yonse yapita pachabe, chifukwa chimene chimakopa nsomba yaikulu ndi kuphiriphitha kwa nyamboyo.

Njira imene inandithandiza ndi iyi: m'kati mwa ndowa ndinaika kagongono ka payipi koloza m'mbali, kuti madzi azitsetsereka ndi khoma n'kumazungulira pang'onopang'ono. Nsomba zimatembenukira komwe madzi akuchokera n'kumasambira modekha. Pampu yomweyi imayendanso pa batire la mavolti 6, ndipo imachepa liwiro ndi phokoso lomwe. Pepala la malangizo silinenapo chilichonse pa zimenezi. Ndikadakonda akadaikamo kavalavu kochepetsera madzi.

Anthu ena amapanga thanki yawo ndi cooler box. Madzi amakhalamo ozizira nthawi yaitali, koma ngodya zake ndi zimene sindigwirizana nazo. Nsomba zosakhazikika zimaunjikana pangodya n'kumagunditsa mphuno mpaka kufiira. Ndowa yozungulira yokhala ndi chivundikiro chotseka bwino ndi imene ndaona kuti imagwirizana ndi pampu imeneyi.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri ndi cholumikizira chotulutsira madzi. Anachipanga chofanana kukula ndi cholowetsera, mamilimita 19. Polowa, madzi amachita kukankhidwa ndi pampu, pomwe potuluka amangodzitsikira okha, ndiye kabowo kameneko sikangakwanitse. Madzi amakwera mpaka kusefukira pachivundikiro n'kudzaza malo a kumbuyo kwa mpando. Ndinachichotsa n'kuikapo cha mamilimita 38, n'kutchinga pakamwa pake ndi kaukonde kuti nyambo zisathawirepo. Amene anaika zolumikizira zofananazi m'bokosi ndikukayika ngati anaziyesapo m'madzi.

Wina angafunse kuti bwanji osangogula kamakina kophulitsa thovu, kaja kokhala ndi kamwala kumapeto, n'kusiya zoboola ndowa. Pa nyambo zochepa m'mawa kukuzizira kamakwanira. Koma madzi a m'nyanja kapena mumtsinje akakhala pa madigiri 20 amasunga mpweya wa okosijeni mamiligalamu pafupifupi 9 pa lita, ndipo akafika madigiri 30 amasunga 7.5 basi, pomwe nsomba m'madzi otentha zimafuna mpweya wambiri kuposa m'ozizira. Ndowa ili padzuwa imatentha msanga. Kuwonjezera apo nsomba zimatulutsa zoipa zotchedwa amoniya, ndipo thovu silichotsa ameneyo. Pampu yotunga madzi atsopano imathetsa zitatu zonsezi nthawi imodzi: imabweretsa mpweya, imachotsa zoipa, ndipo madzi a m'ndowa amakhala ofanana kutentha ndi omwe mukuwedzamo. Chiyikireni, sindinaonenso nyambo zikuyasamula kukamwa pamwamba pa madzi.

Dziwani kuti pampu zamtundu umenewu sizikoka madzi zokha. Imafunika ikhale yomira. Ine ndimailendeweretsa kumbuyo kwa kayaki, pansi pang'ono pa madzi. Mukamapalasa mwaliwiro kapena funde likaikweza, imameza mpweya n'kumangolira osatulutsa kanthu. Zikatero izimitseni, igwedezeni ili m'madzi, muyatsenso. Imakolanso udzu, ndipo pokokera kayaki kumtunda muyenera kukumbukira kuikweza. Kasefa kake n'kosavuta kuchotsa, n'zala chabe, ndipo pamenepa ndawayamikira chifukwa ndere zimakatseka kawirikawiri.

Timer imagwira ntchito yake. Ndimaiika kuti pampu iyende masekondi 30 n'kupuma mphindi ziwiri. Pampuyi imadya pafupifupi maampu awiri, choncho batire la 7Ah (muyeso wa moto umene limasunga) lingathe m'maola atatu ndi pang'ono ikamayenda osapuma, komanso batire la mtovu silifuna kulimaliziratu moto. Ndi timer ndimatha tsiku lonse. Koma kabokosi kake sikotchinga madzi mokwanira, ngakhale analemba kuti kamapirira kuthoveredwa. Kanga ndimakasunga m'kontena yotseka limodzi ndi batire. Mawaya ndi opyapyala, si aja okutidwa ndi tini oyenera pamadzi, ndipo nsonga zake zinayamba kubiriwira msanga. Fyuzi mulibe. Gulani ya maampu atatu muiike pafupi ndi batire, musanalumikize china chilichonse.

Nkhani ya kulemera musaipeputse. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye ndowa yodzaza pamodzi ndi batire imapitirira makilogalamu 20, ndipo zonsezo zili pamwamba, kumbuyo kwanu. Madziwo akamakhavukira mbali imodzi mumamva kayaki ikupendama nawo. Ine bowo lotulutsira ndinaliboola m'munsi pang'ono kuti muzikhala malita 12 kapena 13, ndipo ndowayo ndimaimanga ndi malamba awiri. Ngati kayaki yanu ndi yopapatiza, yambani mwaiyesa pamadzi osaya mutavala jekete yoyandamitsa.

Ngati mumawedza ndi nyambo zamoyo tsiku lathunthu ndipo kuboola ndowa ndi kulumikiza mawaya sikukuvutani, gulani seti imeneyi, koma muwonjezerepo cholumikizira chachikulu, fyuzi, kagongono ka payipi ndi kontena ya batire. Amene mumawedza m'madzi amchere muziitsukuluza ndi madzi abwino mukangofika kumtunda. Ndipo musanachoke pamalo pomwe mwawedza, khuthulani ndowa ndi payipi pomwepo, musatengere madzi kapena nyambo zotsala kunyanja ina.