Injini ya 5L yochokera kunja mu Hilux yakale: ndi yabwino, koma pimani oyilo musanalipire

Hilux yakale ya dizilo, monga LN106, ikayamba kufuka utsi wa buluu ndi kumwa oyilo ngati madzi, eni ake ambiri salimbananso nayo. Amagula injini ya Toyota 5L yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan kapena ku Dubai, n'kuyiika m'malo mwa 2L kapena 3L. Ife tikuti ganizo limeneli ndi labwino ndithu. Injini zitatuzi ndi za banja limodzi: 2L ndi ya 2,446cc, 3L ndi ya 2,779cc, pamene 5L ndi ya 2,986cc, ndipo imalumikizana ndi giyabokosi yakale popanda kuwotcherera zambiri. Musayembekezere liwiro, koma mukanyamula matumba a chimanga pachitunda ngati cha Khwekhwerere kusiyana kwake mudzakumva. Mungoonetsetsa kuti ndi 5L ya pampu ya dizilo wamba, osati 5L-E, chifukwa imeneyo imafuna kompyuta ndi mawaya ake.

Chomwe chimaliritsa anthu ndi nyali yofiira ya oyilo, imene imayaka mphamvu ya oyilo mu injini ikatsika. Injini yalowa bwinobwino, yalira mokoma m'galaja, koma ikangotentha nyali ija ikuphethira pa ayidolo. Nthawi zambiri vuto si injiniyo ayi, ndi kaikidwe kake.

Ambiri mwa ma 5L ogulitsidwawa amachotsedwa mu Hiace, ndipo sampu (beseni losungira oyilo pansi pa injini) ya Hiace imasiyana ndi ya Hilux, makamaka ya 4x4 imene ili ndi difu kutsogolo. Makanika wodziwa ntchito amasamutsa zinthu zitatu pamodzi kuchokera ku injini yakale: sampu, paipi yoyamwira oyilo yokhala ndi sefa kumapeto, ndi dipisitiki. Akasintha sampu yokha n'kusiya paipi ya Hiace, sefayo imalendewera m'mwamba, ndiye pachitunda kapena pakona oyilo akathawira mbali imodzi pampu imayamwa mpweya. Dipisitiki yolakwika nayo imanama: imaonetsa kuti oyilo wadzaza pamene akuperewera lita yathunthu. Gasiketi ya paipiyo ikhale yatsopano. Yakale imalowetsa mpweya ngakhale mabawuti atamangidwa zolimba.

Chachiwiri ndi silikoni womatira sampu. Tsegulani sampu ya injini imene nyali yake ikuvuta, kawirikawiri mupeza tizingwe tofiira kapena totuwa ngati nyongolotsi titamatirira pa sefa, theka la mabowo litatsekeka. Ameneyo ndi silikoni amene anapakidwa mochuluka, mabawuti atamufinya n'kugwera mkati. Mzera woonda wosadukiza ndi wokwanira, ndipo aume kaye musanathire oyilo.

Palinso kaswitchi ka oyilo pambali pa buloko. Galimoto ya nyali yokha imagwiritsa ntchito switchi, ya geji imafuna senda, kachipangizo kotumiza muyeso wa mphamvu ya oyilo ku geji. Mukalumikiza waya wa geji ku switchi, singano imathamangira kumapeto ndipo gejiyo ikhoza kupsa. Chotsani ka pa injini yakale muike pa yatsopanoyo.

Komabe zilipo injini zotheratu zimene zangotsukidwa kunja kuti ziwale, ndipo apa ndi pamene wogulitsa wabwino amadziwikira. Muuzeni kuti mukufuna kumanga geji yapamanja yopimira mphamvu ya oyilo pa bowo la switchi. Injini itenthe mokwanira, osati mphindi zisanu zokha. Pa ayidolo iwerenge 0.3 kg/cm² kapena kuposa, ndipo pa 3,000 rpm ikhale pakati pa 3 ndi 5.5. Injini yathanzi pa ayidolo imaposa 0.3 kutali, ikamangozungulira pomwepo, mabeyaring'i atha. Gwirani oyiloyo ndi zala: akamanata ngati uchi, wina anathira wokhuthala kuti abise vutolo. Kompuresheni isatsike pansi pa 20 kg/cm² pa silinda iliyonse, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Wogulitsa wokana mayeso amenewa, kapena wokana kulemba masiku a chitsimikizo pa lisiti, musiyeni.

Anthu ambiri geji ikatsika amathamangira kugula pampu ya oyilo. Pa injini zimenezi pampu ili mu kava ya kutsogolo, imazunguzidwa ndi kilankishafuti, ndipo siifa wamba. Yambani mwaona valuvu yake yotulutsa mphamvu yopyola muyeso, imene imatha kukakamira yotsegula chifukwa cha litsiro. Kenako masulani mabeyaring'i muyeze mpata ndi Plastigauge (kaulusi ka pulasitiki koyezera mpata wa mabeyaring'i), ukaposa 0.10mm, pampu yatsopano sithandiza kanthu. Kuthira oyilo wokhuthala wa 20W-50 kumazimitsa nyali kwa miyezi yochepa, kenako injini imanoka muli pakati pa ulendo.

Injini ikadali pansi, ikani lamba wa timing watsopano ndi tenshonala yake, chifukwa simudziwa kuti wakaleyo wayenda makilomita angati pa 100,000 amene amaloledwa, ndipo akaduka mavaluvu amawombana ndi mapisitoni. Sinthani masilo a kilankishafuti kutsogolo ndi kumbuyo. Onaninso tipaipi ta oyilo topita ku pampu ya vakiyumu kuseri kwa alitaneta, timadontha mwakachetechete. Rediyeta itsukidwe, poti hedi ya injini za banjali imang'aluka ikatenthedwa.

Poliza koyamba, thirani oyilo wa 15W-40 wa injini za dizilo ndi fyuluta yatsopano, zulani waya wa solenoidi pa pampu ya dizilo kuti injini isalire, muzunguze ndi sitata mpaka geji itakwera, ndiyeno mubwezere wayayo. Oyilo woyambayo mukhetseni msanga kuti atuluke ndi litsiro la injini yokhalitsa m'kontena, pambuyo pake muzisintha pa makilomita 5,000 aliwonse. Lisiti ya injiniyo muisunge bwino, idzafunika ku Road Traffic pokasintha nambala ya injini pa blue book.