Pemphero pa kamera kapena kunja kwa kamera: njira ya a Robertson ndi ya a Gaines

Banja la a Robertson ku West Monroe, Louisiana, m'dziko la America, limapanga malikhweru oitanira abakha pakampani yawo ya Duck Commander. Pulogalamu yawo ya Duck Dynasty inaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya A&E kuyambira 2012 mpaka 2017, ndipo gawo lililonse linkatha ndi pemphero patebulo la chakudya. Zimenezi zinakopa Akhristu ambiri: gawo lina la mu Ogasiti 2013 linaonedwa ndi anthu 11.8 miliyoni. Koma chikhulupiriro chikakhala chizindikiro cha bizinesi, mawu a munthu mmodzi amagwedeza katundu yense. Mu Disembala 2013, Phil Robertson, bambo wa banjali, atalankhula za uchimo m'magazini ya GQ, A&E inamuimitsa, kenaka n'kumubwezeretsa owonera atakwiya. Iye ankadandaulanso kuti okonza mafilimu amadula dzina la Yesu m'mapemphero. Lumo lili m'manja mwa wailesi, osati mwa banja.

Chip ndi Joanna Gaines a ku Waco, Texas, nawonso ndi Akhristu, koma pa pulogalamu yawo ya pa kanema ya Fixer Upper ankaonetsa kukonza nyumba, nthabwala za mwamuna ndi mkazi, ndi ana awo. Za Mulungu ankakamba kwina. Njirayi siikoka gulu lokhulupirika ngati la a Robertson, koma katundu wa kampani yawo ya Magnolia amagulidwa ndi opemphera ndi osapemphera omwe, mpaka m'masitolo a Target.