Fulati yokonzedwa kale: Stone Town kapena Ilha de Moçambique?

Ngati muli ndi kandalama ndipo mukufuna fulati m'tauni yakale ya m'mbali mwa nyanja, malo awiriwa amakopa zedi. Onse ali pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri yofunika pa dziko lonse, Ilha (kachilumba ka kumpoto kwa Mozambique) kuyambira 1991, Stone Town ya ku Zanzibar 2000.

Ku Stone Town alendo sasowa, ferry yochokera ku Dar ndi maola awiri basi, ndiye lendi imalowa. Koma mitengo eeh, yakwera, komanso munthu wa dziko lina sagula malo, umangopeza lease yofika zaka 99, ndipo ukafuna kusintha ngakhale windo uyambe wapempha ku STCDA, ofesi yoyang'anira tauniyo. Phokoso nalonso lilipo, tinjira take ting'onoting'ono njinga zamoto pepepe mpaka usiku.

Ilha ndi phee. Inali likulu la Mozambique mpaka 1898, pano umafikako pa mlatho wautali makilomita oposa atatu, ndipo kwa ife a ku Malawi ndi pa msewu kudzera ku Chiponde, Cuamba, Nampula. Nyumba zake n'zotchipirako koma alendo ndi ochepa, mapepala onse ali m'Chipwitikizi, nthaka ndi ya boma, komanso cyclone Gombe ya 2022 inasasula madenga kumeneko.

Konseko makoma ndi a miyala ya korali ndi laimu, ndiye funsani kuti anakonza ndi chani. Akapaka simenti chinyezi chimatsekeredwa mkati khoma n'kumafumbutuka, penti yokongolayo isakupusitseni. Ine ndingatenge Stone Town ngati ndi bizinesi, Ilha ngati ndikukakhalamo ndekha.