Makina opopera madzi othamangitsa amphaka: atha miyezi tsopano

Bilu ya madzi ya mwezi uno ndi imene yandichititsa kulemba za makina amene amapopera madzi chinthu chikadutsa kutsogolo kwake. Ndinawagula chifukwa amphaka a anthu oyandikana nawo ankafukula mabedi anga a ndiwo zamasamba n'kumachitamo chimbudzi. Poizoni kapena msampha sindinaganizeko n'komwe, poti mphaka amangotsata dothi lofewa basi. Komanso sindikanangozisiya, chifukwa chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi tizilombo ta Toxoplasma, toopsa kwa amayi oyembekezera.

Ntchito yake amaigwira. Sensa ikamva thupi lotentha likuyenda, madzi amatuluka mwamphamvu kwa masekondi ochepa, mphaka n'kuliyatsa liwiro wosavulala paliponse. Mabatire amakhalitsa. Amphakanso anaphunzira, pano amangodutsa pamwamba pa mpanda osatsika. Nthawi imeneyo ndinkawatama makinawa kwa aliyense wondifunsa.

Chandiwawa mtima ndi kudontha. Kuti makinawa agwire ntchito, mpopi uyenera kukhala wotsegula usana ndi usiku, paipi ili chidzazire. Ndinayamba kuona udzu wa pansi pake ukubiriwira kuposa kwina konse, kenako nsapato n'kumatitimira m'matope. Nditagwada ndinapeza madzi akutuluka dontho limodzilimodzi polumikizira paipi. Ndinasintha kamphira ka mkati, ndinakulungapo tepi yoyera ya mapaipi, kudontha kunasiya kenako n'kuyambiranso. Ndinapeza kuti pulasitiki yapolumikizirapo inali itachita kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi. Masana dzuwa likatentha, masamba akamagwedezeka ndi mphepo, makinawa amapoperanso popanda mphaka aliyense. Madzi onsewo akudutsa pa mita yanga.

Wogulitsa anandiuza kuti nditumize zithunzi. Ndinatumiza, anangoti zii. Nditamukumbutsa, anayankha kuti waranti sikhudza makina amene asiyidwa mpopi uli wotsegula nthawi yaitali. Nanga agwira bwanji mpopi uli wotseka? Kapulasitiki kong'alukako akuti sagulitsa pakokha, ndigule mutu wonse watsopano.

Bedi limodzi ndinangoyalapo waya wa khola la nkhuku pamwamba pa dothi. Mbewu zikumera m'mabowo, mphaka akulephera kufukula, ndipo mtengo wake unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi makinawa. Kwa amphaka makinawa ndi achifundo ndithu, ndipo wogulitsa akanangonditumizira kapulasitiki kaja bwenzi ndikuwatamabe. Mmene zililimu, ndalama zanga saonanso.