English at Work ya BBC: yabwino pa moni wa mu ofesi, koma si ya woyamba kumene

Pa maphunziro aulere a Chingerezi cha kuntchito amene ali pa intaneti, English at Work ya BBC Learning English ndi imodzi mwa amene timawavomereza kwa munthu amene akukonzekera kukumana ndi makasitomala kapena alendo akunja. Ndi sewero la zigawo zopitirira 60, chilichonse cha mphindi zochepa. Nkhani yake ndi ya Anna, amene walembedwa ntchito pa kampani yongopeka ya Tip Top Trading, yogulitsa zipatso zapulasitiki. Anna akasowa chonena, pamalowa mawu a wofotokoza nkhani amene amamupatsa ziganizo zoyenera, ndipo ziganizozo zimabwerezedwa kumapeto.

Chigawo chokhudza kudziwana chili m'zigawo zoyambirira, ndipo ndi chimene chili ndi phindu kwa wofuna moni. Ziganizo zake n'zazifupi: "Hello, I don't think we've met", "You must be Tom", "I've just joined the team", "Nice to meet you". Mumamva ziganizozi zikuyankhulidwa pakati pa anthu amene akumana koyamba, choncho mumadziwiratu nthawi yake yozinenera. Apa m'pamene seweroli likuposa ndandanda ya mawu yongoloweza.

Vuto lake ndi lakuti zonse zili m'Chingerezi, ndipo osewera amayankhula mwa liwiro la anthu a ku Britain, nthabwala zili momwemo. Munthu amene Chingerezi chake chinathera ku pulayimale adzatayika mphindi yoyamba yomwe. Njira yothandiza ndi kuyamba kutsitsa mawu olembedwa a chigawocho, kuwawerenga kawiri mokweza, kenako kumvera mukutsata ndi chala. Ulendo wachitatu muyimitse pa chiganizo chilichonse, muchibwereze kasanu, mudzijambule pa foni n'kuyerekeza ndi cha wosewera. Mphindi 15 patsiku kwa sabata imodzi pa chigawo chimodzi n'zopindulitsa kuposa kuonera zigawo 10 usiku umodzi. Amene akusunga bandulo atsitse mawu omvera okha, chifukwa kanema ndi amene amadya data.

Pali zolakwika zina zimene seweroli silingakuchenjezeni, popeza silinakonzedwere olankhula Chichewa. Ife tilibe mawu osiyanitsa mwamuna ndi mkazi ponena "iye", n'chifukwa chake "he" ndi "she" zimasemphana podziwitsa mnzathu: wayambapo bwino "This is Mrs Phiri", kenako "he is our accountant". Mankhwala ake ndi kuloweza ziganizo ziwirizo ngati chinthu chimodzi musanalowe m'chipinda. Chimodzimodzi "My names are", imene yafala kwathu kuno chifukwa munthu ali ndi mayina awiri kapena atatu; mlendo amayembekezera "My name is" kapena "I'm". "You are welcome" ponena kuti takulandirani amaimva ngati yankho la zikomo, pamene sanathokoze kanthu. Polandira alendo nenani "Welcome" kapena "Thank you for coming".

"Nice to meet you" ndi ya tsiku loyamba lokha. Mukainena kwa munthu amene munakumana naye mwezi watha, amaona ngati mwamuiwala. Pamenepo mpofunika "Nice to see you again". Ndipo "How are you?" sifuna kuti mufotokoze za mvula, maliro kapena mutu umene wakuvutani usiku. "Fine, thanks. And you?" yakwana, msonkhano uyambe. Kwa ife amene tinazolowera kufunsana za kunyumba ndi ana tisanakhudze nkhani, izi zimaoneka ngati mwano, koma kwa eni ake ndiwo ulemu wosunga nthawi.

Pa nkhani ya mayina seweroli muyende nalo mosamala. Ku Tip Top Trading antchito amaitana bwana wawo ndi dzina loyamba, Paul, monga zilili m'maofesi ambiri a ku London. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kutchula mkulu wa kampani kapena wa boma ndi dzina loyamba pa tsiku loyamba n'kudziyambira milandu. Yambani ndi "Mr", "Mrs" kapena "Dr" n'kutsatira dzina la bambo, osati loyamba, mpaka mwini wake anene kuti "Please call me". Mayi amene simukudziwa ngati ali pabanja, "Ms" ndi yotetezeka.

Katchulidwe nako muyenera kudzilondera nokha, chifukwa palibe mphunzitsi wokumvani. Chichewa chimathera mawu ake pa a, e, i, o kapena u, ndiye lilime limafuna kuwonjezera "i" kumapeto kwa "meet" ndi "pleased". Komanso l ndi r kwa ife sizisintha tanthauzo, pamene m'Chingerezi "pleasant" ndi "present" ndi mawu awiri osiyana. Jambulani mawu anayi amenewa paokha, mumvere, ndipo ngati muli ndi mnzanu wodziwa Chingerezi mumutumizire pa WhatsApp akuuzeni chimene wamva.